Jakisoni wa magazi wasiya kugwira mwa bambo anga, adokotala akuti ndi "kutupa"

NaPhiri wa ku Mabvuku
Moni nonse akuluakulu ndi anzanga pa gulu pano. Pepani ndilemba zambiri, mtima wanga suli m'malo. Bambo anga ali ndi zaka 67. Impso zawo zinafa chifukwa cha shuga ndi BP, ndipo tsopano chatha chaka ndi miyezi iwiri akusefedwa magazi pa makina a dayalisisi, Lachiwiri ndi Lachisanu. Chiyambireni amabayidwa jakisoni wa EPO uja wowonjezera magazi. Poyamba zinkayenda, Hb, nambala yoyeza kuchuluka kwa magazi, inafika 10. Koma kuyambira Epulo yakhala ikungotsika: 9.1, kenako 8.2, dzulo 7.4. Mlingo wa jakisoni anawonjezera, mapiritsi a ayironi akumwa osaphonya, koma ayi ndithu.

Munthu amene ankadzuka mbandakucha n'kusesa bwalo lonse, lero akachoka pakhonde kukafika pageti amaima n'kugwira chitsulo, kupuma kochita kubanika. Zikhatho zayera ngati agwira ufa. Ndikakoka chikope cham'munsi mulibe kufiira n'komwe.

Dzulo adokotala ataona pepala anati vuto ndi inflammation, anamwino n'kutimasulira kuti kutupa. Komatu bambo sanatupe paliponse, miyendo ili bwino, nkhope ili bwino. Ndiye kutupako kuli pati? Nanga kukukhudzana bwanji ndi jakisoni? Papepalapo palembedwa ferritin 920, TSAT 14%, CRP 48, albumin 29. Amene mukudziwa ndithandizeni.

Agogo a ku Mufakose
Pepa mwana wanga, Mulungu awakhudze bambo akowo. Kwathu ku Dedza munthu akachepa magazi tinkamuwiritsira masamba a mapeyala, madzi ake ofiira aja azimwa m'mawa ndi madzulo. Chidede chimathandizanso. Uwaphikire bonongwe ndi chiwindi cha ng'ombe kawirikawiri.

Namwino wa ku Zengeza
Agogo, mwalankhula mwachikondi ndipo kwa munthu wa impso zamoyo sindikanatsutsa. Koma kwa bambo awa chonde ayi. Sakodza ngati ife, ndiye chikho chilichonse chimene amwa chimakhala m'thupi mpaka tsiku la makina, china n'kukathera m'mapapo. Bonongwe, mapeyala, nthochi ndi tomato zili ndi potaziyamu wambiri, ndipo potaziyamu akachuluka mtima umatha kuima mwadzidzidzi. Masamba azidya pang'ono, owiritsa n'kutaya madzi ake. Zamankhwala azitsamba zilekeni kaye.

ANaphiri, ndagwira ntchito zaka zambiri ndi odwala impso, ndiye ndiloleni ndifotokoze pang'onopang'ono. Mawu akuti kutupa ndi amene akusokonezani. Ife tikamva kutupa timaganiza mwendo wofufuma kapena chithupsa. Chimene adokotala akunena ndi nkhondo ya m'kati: chitetezo cha m'thupi chadzuka, chikulimbana ndi chinachake, ndipo sichikugona usana ndi usiku. Kunja simuona kanthu, koma magazi amaulula. Mboni yake ndi CRP ija. Mwa munthu wabwinobwino imakhala pansi pa 5, ya bambo ili pa 48. Albumin, puloteni ya m'magazi yopangidwa ndi chiwindi, kutsika chonchi ndi mboni yachiwiri.

Tsono EPO si magazi ayi, ndi uthenga chabe. Impso zamoyo ndizo zimatulutsa timadzi timeneti kukauza mafuta a m'mafupa kuti apange maselo ofiira. Impso zikafa uthenga umasowa, n'chifukwa chake timabaya. Jakisoniyu ali ngati kapitawo wa pafamu, amakuwa kuti ntchito iyambe koma iye sanyamula njerwa. Njerwa zomangira magazi ndi ayironi.

Apa ndiye pagona nkhani. Thupi likakhala pankhondo, chiwindi chimatulutsa timadzi tina totchedwa hepcidin, timene timatseka zitseko ziwiri. Choyamba ndi cha m'matumbo, momwe ayironi wa m'chakudya ndi m'mapiritsi amalowera. Chachiwiri ndi cha nkhokwe, momwe thupi limasunga ayironi wochokera m'maselo okalamba. Limachita dala, chifukwa tizilombo toyambitsa matenda timafunanso ayironi kuti tichulukane, ndiye limabisa monga mudzi umabisira chimanga adani akayandikira. Kwa masiku owerengeka ndi nzeru. Koma zikatenga miyezi, eni mudzi omwe amafa ndi njala. Choipiraipira n'chakuti impso ndizo zimachotsa hepcidin m'thupi, ndiye mwa odwala a dayalisisi amakhala wochuluka kale.

Yang'ananinso pepala lanulo. Ferritin 920 ikunena kuti nkhokwe yadzaza, ngakhale nambala imeneyi imakweranso yokha thupi likakhala pankhondo. TSAT 14% ikunena za ayironi amene akuyenda m'magazi kupita ku mafupa, ndipo pansi pa 20 ndi wochepa. Chimanga chili m'nkhokwe koma m'lichero mulibe ufa. Mapiritsi aja akungodutsa, mwina mwaona kuti chimbudzi chawo chada. Onjezani pamenepo kuti nkhondoyi imagonthetsa mafupa kuti asamve bwino kukuwa kwa EPO, komanso maselo ofiira, amene mwa ife amakhala masiku pafupifupi 120, mwa odwala impso amafa msanga.

Ndiye funso si lakuti tiwonjezere chiyani. Funso ndi lakuti moto ukuyaka pati. Ndiyankheni izi: makina amawalumikiza pakhosi kapena pamkono? Amazizidwa kapena kunjenjemera akakhala pa makina? Mano ndi nkhama zili bwanji? Kumapazi kuli chilonda? Amatsokomola, kutuluka thukuta usiku, kapena kuwonda?

NaPhiri wa ku Mabvuku
Asisita, mwanditsegula maso. Amawalumikiza pa kapaipi ka pakhosi kaja, komwe anawaika tsiku loyamba. Za pamkono anatiuza kalekale koma bambo ankazengereza, akuti sakufuna mpeni wina. Za kunjenjemera, mayi anga ine! Kuyambira Meyi akangolumikizidwa, pasanathe ola limodzi amayamba kugwedezeka mpaka mano kugundana. Ife tinkati ndi chisanu cha Harare. Ndinapita ku Mbare kukawagulira bulangete lochindikala, ndipo akafika pa makina amadzifunditsa mpaka kumutu. Akabwera kunyumba thupi limakhala lofunda, nsima amangoigwira mbamu imodzi.

Namwino wa ku Zengeza
Chimenecho si chisanu mpaka adokotala atatsimikiza kuti si china. Munthu wa kapaipi ka pakhosi akamanjenjemera makina atangoyamba, chokayikira choyamba ndi tizilombo tomwe tamanga m'kati mwa kapaipiko. Makina akayamba kukoka ndi kubweza magazi amatikokolola n'kutimwaza m'thupi lonse. Musadikire Lachisanu. Imbani foni mawa m'mawa muwauze za kunjenjemera ndi kutentha thupi, mupemphe kuti atenge magazi akawaike pa blood culture, kuyeza koona ngati muli tizilombo. Akatentha kwambiri usiku uno, akasokonezeka mutu kapena akafooka mwadzidzidzi, thamangirani nawo kuchipatala usiku womwewo.

aBanda a ku Highfield
Achemwali, ine ndine mwini wake wa matendawa, chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi ndili pa makina. Zimene asisita alembazi zinandichitikira ndendende m'chaka changa chachiwiri. Ndinkabayidwa EPO koma kukwera masitepe atatu okha ndinkaona nyenyezi. Akazi anga anagulitsa makina osokera kuti tigule majakisoni owonjezera. Pakhosi pomwe kapaipi kamatulukira panali pofiira pang'ono, nthawi zina timafinya pa bandeji, ine n'kumapukuta osanena. Atakachotsa n'kundipatsa mankhwala opha tizilombo, magazi anayamba kukwera ndi mlingo wochepa kuposa umene unkakanika uja. Tsopano ndili ndi fistula kudzanja lamanzere, ndimasamba momasuka, chimene ndi kapaipi sindinkachita. Auzeni bambo kuti mnzawo wa ku Highfield akuti mpeni wa pamkono ndi waung'ono poyerekeza ndi zimene akumva panopa. Akafuna ndibwere ndidzawaonetse mkono wanga, ndikwera kombi.

Mayi a ku Epworth
Pepani ndifunse nawo. Fistula si matenda aja a azimayi ovulala pobereka? Nanga abambo ikuwakhudza bwanji?

aBanda a ku Highfield
Dzina ndi limodzi amayi, koma zinthu ndi zosiyana. Iyi amachita kupanga adokotala: amalumikiza mtsempha wobweretsa magazi ndi wobweza magazi pansi pa khungu la mkono, kuti ukule n'kumalola singano za makina. Mulibe pulasitiki m'thupi, n'chifukwa chake tizilombo sitipeza pomanga. Koma imafuna masabata 6 kapena kuposa kuti ikhwime, siigwira ntchito tsiku lomwelo.

Achimwene a ku Mbare
Ngati vuto ndi kutupa, bwanji osawapatsa brufen kapena diclofenac? Ine bondo likatupa ndimamwa amenewo, masiku awiri latha.

Wa mufamase wa ku Glen View
Achimwene, amenewo ayi. Amakanda m'mimba n'kuyambitsa zilonda zotaya magazi, ndipo odwala a dayalisisi amapatsidwa kale heparin woletsa magazi kuundana m'makina, ndiye kutayako kumakula. Amaphanso kamphamvu kochepa kamene katsala mu impso. Ndiponso angabise kutentha thupi pomwe tizilombo tikupitiriza ntchito yawo.

ANaphiri, ine ndifunse za mbali yanga. EPO mumasunga bwanji? Amafunika kukhala m'firiji pakati pa madigiri 2 ndi 8, osaumitsidwa ngati ayezi, osamukhutchumula. Ndi kuzimazima kwa magetsi kuno, ndaonapo anthu akubaya mankhwala amene anatentha tsiku lonse pawindo la kombi. Ndipo mapiritsi a ayironi asamamwere tiyi, kapena kumwa limodzi ndi a calcium aja a pachakudya, chifukwa zimagwirana m'mimba ayironi osalowa.

NaPhiri wa ku Mabvuku
Timasunga m'kachitini ka majarini pa shelefu yapakati, magetsi akazima timasamutsira m'kabokosi kozizira ndi mabotolo a ayezi okutidwa nsalu. Pamenepo ndikuona kuti tikuyesetsa. Koma za tiyi ndiye talakwa, amamwera tiyi tsiku lililonse.

Mnyamata wa ku Tafara
Ine ndikuona mosiyana pang'ono akuluakulu. Munthu ali pa 7.4, akulephera kufika pageti, inu mukuti tiyambe kufufuza mano ndi mapazi? Zofufuzazo zimatenga nthawi ndiponso ndalama. Bwanji adokotala osangowirikiza jakisoni katatu magazi akwere kaye, zinazo pambuyo? Malume anga anamwalira tikudikira zotsatira za ma test, ndiye nkhani zodikira zimandiwawa.

Namwino wa ku Zengeza
Pepani za malume anu achimwene, ndipo mukunena zoona kuti 7.4 ndi kubanika si zodikira. Koma chothandiza mwachangu pamenepo si EPO. Ngakhale zonse zili bwino, jakisoniyu amatenga masabata awiri mpaka anayi kuti ntchito yake ioneke. Chachangu ndi kuikidwa magazi, ndipo adokotala akaona kuti mtima ukuvutika adzatero, makamaka ali pa makina pomwepo kuti madzi ndi potaziyamu wowonjezera zichotsedwe nthawi yomweyo. Amapewa kuika magazi pafupipafupi chifukwa thupi limapanga asilikali olimbana ndi magazi a eni, zimene zimavutitsa amene akuyembekeza kudzapatsidwa impso ina. Koma moyo ukakhala pachiswe amaika.

Kuwirikiza EPO kuli ndi mtengo wake. Amakweza BP, amaundanitsa magazi, amatseka fistula. Izi madokotala anaziphunzira movutika. Kafukufuku wa odwala a dayalisisi amene analinso ndi vuto la mtima, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 1998, anaimitsidwa asanathe, chifukwa amene ankakankhidwa kuti magazi awo afike ngati a munthu wabwinobwino ankamwalira ochuluka. Mu 2009 kafukufuku wina wotchedwa TREAT, wa anthu oposa 4,000 a shuga ndi impso amene anali asanayambe dayalisisi, anapeza kuti sitiroko inawirikiza pafupifupi kawiri mwa amene ankakwezedwa magazi ndi jakisoni wa mtunduwu. N'chifukwa chake malangizo a 2012 a KDIGO, bungwe la akatswiri a impso padziko lonse, anati kawirikawiri Hb isapitirire 11.5 pogwiritsa ntchito jakisoni. Bambo awa ali ndi shuga ndi BP kale. Kapitawo akuwe mpaka mawu kusasa, nkhokwe ili chitsekere, khoma silikwera.

Mnyamata wa ku Tafara
Za sitirokozo sindinkazidziwa. Komabe ndikupempha aNaphiri, mukapita musachoke musanamve tsiku lenileni lomwe zotsatira zituluke, ndipo mutenge nambala yoimbira. Ife tinangouzidwa kuti tidzakuimbirani.

aMwale a ku Dzivarasekwa
Ndiwonjezere kamodzi, poti pa gulu pano ndife abale. Mlamu wanga analinso chonchi, kapaipi kake kanali koyera, mano abwino. Mapeto ake chinapezeka ndi TB, ndipo sankatsokomola n'komwe, inali m'timatsempha ta m'khosi. Odwala impso chitetezo chawo n'chofooka, TB imawapeza mosavuta kuposa ena. Ndipo amene akumwa ma ARV awauze adokotala a impso mtundu wake, chifukwa zidovudine, ija timati AZT, payokha imachepetsa magazi. Palibe chamanyazi, adokotala sangathandize chimene sakuchidziwa.

aBanda a ku Highfield
Zoona aMwale. Palinso nkhani ya masiku a makina. Mlingo wovomerezeka ndi katatu pa sabata, maola 4 ulendo uliwonse. Ambiri a ife kuno timapita kawiri chifukwa makina ndi ochepa ndiponso thumba silifika. Zoipa zikatsalira m'magazi, nazonso zimagonthetsa mafupa. Ndiye kawiri komweko tisamaphonye, ndipo tisamapemphe anamwino kuti atichotse msanga kuti tikapeze kombi kusanade. Ine ndinkatero, theka la ola lililonse lomwe ndinkadula ndinkalilipira ndi thupi langa.

Namwino wa ku Zengeza
Ndi zimenezo. Ngati kapaipi kapezeka koyera, adokotala amayang'ananso PTH, timadzi toyendetsa calcium m'thupi, chifukwa timadzi timeneti tikakwera kwambiri timawononga malo opangira magazi m'mafupa, komanso vitamini B12 ndi folic acid, ndi ngati magazi sakutayika m'mimba. Ngakhale madzi amene makina amagwiritsa ntchito akakhala osayera bwino amadzutsa nkhondo yomweyi. Koma kwa bambo awa tiyambire pakhosi.

Mlongo wa ku Leeds
Moni a kumudzi, ndimawerenga ndili kuno ku UK. Kuno odwala a makina ayironi amalandirira m'mitsempha pa makina pomwepo, osati mapiritsi. Palinso mapiritsi atsopano olowa m'malo mwa jakisoni, monga roxadustat, amene anayamba kuvomerezedwa ku China mu 2018. Amapusitsa thupi kuti liziona ngati lili pamwamba pa phiri pomwe mpweya ndi wochepa, ndiye limapanga EPO wakewake, ndipo hepcidin amatsikako. Akatswiri atatu amene anatulukira mmene maselo amadziwira kuchepa kwa mpweya, William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza, analandira mphoto ya Nobel mu 2019. Mwina mungafunse adokotala.

Wa mufamase wa ku Glen View
Kufunsa n'kwabwino achemwali, koma nawonso ali ndi chiopsezo cha kuundana kwa magazi, ndipo sachotsa tizilombo m'kapaipi. Za ayironi wa m'mitsempha ndikuvomereza, amalambalala chitseko cha m'matumbo chija. Kungoti madokotala sampereka pamene tizilombo tili m'magazi, amayamba athana nato kaye.

NaPhiri wa ku Mabvuku
Abale anga, ndabwera ndi nkhani. Ndinaimba Lachinayi m'mawa monga munandiuzira, anati tibwere tsiku lomwelo. Atamatula bandeji pakhosi panali pofiira ndi timafinya. Anatenga magazi, n'kuyamba mankhwala opha tizilombo osadikira zotsatira. Lolemba zinatuluka, apeza Staphylococcus aureus. Kapaipi kaja achotsa, adutsa masiku angapo ndi kongoyembekezera, ndipo aikidwa mapaketi awiri a magazi ali pa makina. Anawajambulanso mtima, akuti kachilomboka kamakonda kukamanga pa zitseko za mtima, mwamwayi sikanafikeko.

Chimene chandiliza ndi ichi. Usiku ndili nawo m'chipinda ndinawafunsa kuti bambo, bwanji simunkawauza anamwino kuti mukumva kuzizidwa chotere? Anakhala chete, kenako anati ankaopa kuti akanena kuti akudwala awachotsa pa makina, malo awo n'kupatsidwa wina. Ndiye ankadzifunditsa bulangete lija mpaka kumutu kuti asaoneke akunjenjemera. Bulangete lomwe ndinagula ndi manja angawa.

Agogo a ku Mufakose
Usalire mwana wanga. Unagula ndi chikondi, ngati mmene ine ndinanenera za masamba a mapeyala. Wachita bwino kufunsa pa anthu. Tikuwapempherera.

aBanda a ku Highfield
Mantha amenewo tonse a pa makina timawadziwa achemwali, ngakhale sitinena. Loweruka ndibwera kudzawaona, mundituzimire mayendedwe ku inbox.

NaPhiri wa ku Mabvuku
Patha masabata 7, ndati ndisakhale ngati wongobwera ndi mavuto okha. Mankhwala opha tizilombo amaliza. CRP yatsika kufika pa 11, kunjenjemera kunatheratu. Mapiritsi a ayironi anawasiyitsa, tsopano akulandira wa m'mitsempha pa makina. Hb ya dzulo ndi 9.2, ndipo adokotala abweza EPO pa mlingo wakale uja. aBanda anabweradi, anapinda malaya n'kuwagwiritsa bambo pamkono kuti amve kunjenjemera kwa magazi othamanga mu fistula, anacheza mpaka dzuwa kupendeka. Sabata yotsatira bambo anavomera okha, opaleshoni inachitika kudzanja lamanzere. Pakadali pano akugwiritsabe ntchito kapaipi katsopano mbali ina ya khosi mpaka mkono ukhwime, ndiye tikusamala kuti bandeji isanyowe. Mchimwene wanga amawayang'ana kumapazi Lamulungu lililonse, ndipo kwatsala dzino limodzi lobooka lomwe akawaone mwezi wamawa.

Lero m'mawa ndinadzidzimuka ndi phokoso la tsache. Asesa kuchokera pakhonde kukafika pa mtengo wa mango, n'kukhala pansi kupumula, mbali yotsalayo anamaliza mdzukulu wawo.

Asisita, kampira kofinya kaja kothandiza fistula kukhwima anatiuza kuti tigule, azifinya kangati patsiku?

Namwino wa ku Zengeza
Ndasangalala kwambiri aNaphiri. Bala likapola ndipo adokotala akavomereza, azifinya kwa mphindi zowerengeka kangapo patsiku, akatopa apume. Mkono umenewo asayezedwepo BP, asatengedwepo magazi, asavale wotchi kapena kuugonera. M'mawa uliwonse aziika zala pamenepo kuti amve kunjenjemera kuja. Tsiku lomwe adzapeze pali zii, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo kapaipi katsopanoko kadakali pakhosi, akangomva kuzizidwa pa makina anene nthawi yomweyo.